Kumene kanachokera kanyali kobiriwira

Ntchito yanga ndi yokonzera anthu mawebusaiti. Ambiri mwa makasitomala anga ndi masukulu, mabungwe ang'onoang'ono ndi eni malo ogona alendo. Webusaiti ikangotha, funso limene silichedwa kubwera ndi ili: "Ndiye tiikemo Yoast kapena Rank Math? Ife tikufuna tizituluka pamwamba pa Google." Mayina awiriwa ndi a timapulogalamu towonjezera pa WordPress, pulogalamu yoyendetsera mawebusaiti, tomwe anthu a ntchitoyi timangoti ma plugin. Ntchito yake ndi kuthandiza tsamba kuti lizipezeka munthu akamasaka kanthu pa intaneti, luso limene limadziwika ndi zilembo zitatu zakuti SEO. Funsolo ndimaliyankha, koma ndimakhala ndi chikhumbo choti wofunsayo ayambe wadziwa chifukwa chake mabokosi a m'ma pluginwa alimo. Bokosi lililonse lili ndi chaka chake chobadwa, ndipo ambiri anabadwira pa mkangano wa eni masamba ndi makina osakira zinthu, umene watha zaka pafupifupi 30 osazizira.

Pachiyambi ntchito yosanja masamba inali ya anthu. Mu 1994 Jerry Yang ndi David Filo, ophunzira a ku Stanford University, anayamba kulemba mndandanda wa masamba amene ankawakonda n'kumawaika m'magulumagulu, ndipo mndandanda umenewo ndiwo unadzakhala Yahoo. Ukapanga tsamba unkadzaza fomu yopempha kuti likalowemo, munthu wamoyo n'kuliwerenga, n'kuona gulu loyenera. Masamba anachuluka msanga kuposa maso a owerengawo. Chaka chomwecho kunatuluka WebCrawler ya Brian Pinkerton ku University of Washington ndi Lycos ya Michael Mauldin ku Carnegie Mellon, ndipo mu Disembala 1995 kampani ya Digital Equipment Corporation inatsegula AltaVista. Izi sizinkadikira fomu ya munthu. Zinkatumiza timapulogalamu toyendayenda totsata malinki kuchoka tsamba ili kupita linalo, tikukopera mawu onse amene tapeza. Poti timapulogalamuti tinkalowa ndi mosafunika momwe, Martijn Koster anakonza mu 1994 kafayilo kotchedwa robots.txt, komwe mwini webusaiti amalembamo zipinda zoletsedwa. Kafayilo kameneko kakadalipo, ndipo pafupifupi plugin iliyonse ya SEO ili ndi malo okasinthira.

Makina oyambawa anali ndi chofooka chimodzi chachikulu: ankakhulupirira zimene tsamba likunena za ilo lokha. Kumutu kwa tsamba, m'chigawo chimene wowerenga sachiona, munali mzere wotchedwa meta keywords, momwe mwini tsamba ankandandalikamo mawu ofotokoza nkhani yake. Linali ganizo labwino kwa anthu oona mtima. Koma sipanatenge nthawi kuti ogulitsa azindikire kuti makina amangowerenga kuti liwu labwera kangati. Wogulitsa matikiti a ndege ankalemba mawu akuti matikiti otchipa kambirimbiri m'munsi mwa tsamba, zilembo zoyera pa tsamba loyera, kotero kuti munthu sankaona kanthu pokhapokha atakoka mbewa ya kompyuta pamalopo, mawu obisikawo n'kuwala onse. Ena ankaikamo mayina a anthu otchuka amene sankakhudzana n'komwe ndi malonda awo. Cha m'ma 1997 ntchitoyi inali itapeza dzina lake la SEO, ndipo mtolankhani Danny Sullivan anali atayambitsa Search Engine Watch kuti azifotokoza mmene makinawa amagwirira ntchito. Kuyambira pamenepo ntchitoyi yakhala ndi anthu a mitundu iwiri: ofuna kuthandiza makina kumvetsa tsamba labwino, ndi ofuna kuwaphimba m'maso.

Larry Page ndi Sergey Brin, nawonso a ku Stanford, anabwera ndi nzeru ina. Anati tisafunse tsamba kuti ndiwe yani. Tifunse masamba ena kuti akuti chiyani za iwe. Linki iliyonse yoloza kwa iwe ikhale ngati voti, ndipo voti ya tsamba lolozedwa ndi ambiri ilemere kuposa ya tsamba losadziwika. Njirayi anaitcha PageRank, ndipo kampani ya Google inalembetsedwa mu Seputembala 1998. Zotsatira zake zinali zabwino kwambiri moti AltaVista inayamba kulowa pansi mpaka inadzatsekedwa mu 2013.

Kumapeto kwa 2000 Google inatulutsa kachida koika pa burawuza, ndipo pakachidapo panali kamzere kobiriwira kosonyeza PageRank ya tsamba limene uli, kuyambira 0 mpaka 10. Ndimakaganizira kwambiri kamzere kameneka, chifukwa ndiko kanaphunzitsa anthu kuti ulemu wa tsamba ungathe kuyezedwa ndi kanthu kobiriwira. Malinki anasanduka katundu wa pa msika. Linki yochokera pa tsamba la 7 inali ndi mtengo wake, ya pa tsamba la 4 mtengo wake. Mu 2002 kampani ya SearchKing ya ku Oklahoma, imene inkachita nawo malonda amenewa, inasumira Google itaona kuti nambala yake yatsitsidwa. Khoti linathetsa mlanduwo mu 2003 ponena kuti PageRank ndi maganizo a Google, ndipo maganizo amatetezedwa ndi malamulo a dziko la America. Chigamulo chimenecho ndi choyenera kuchikumbukira mpaka lero. Malo amene tsamba lako likutuluka ndi maganizo a kampani ina, ndipo kampaniyo ili ndi ufulu wosintha maganizo usiku umodzi. Inachitadi zimenezo mu Novembala 2003, pa kusintha kumene anthu a SEO anakutcha Florida, pamene mawebusaiti ambiri a malonda anazimiririka pa tsamba loyamba kutangotsala milungu yochepa kuti anthu ayambe kugula za Khirisimasi. Ngakhale akuluakulu sanasiyidwe. Mu Febuluwale 2006 webusaiti ya BMW ya ku Germany inachotsedwa pa Google kwa masiku angapo chifukwa inkaonetsa makina tsamba lodzaza mawu pamene anthu inkawatumiza kwina.

Zonsezi zikuchitika, mnyamata wa zaka 19 wa ku Houston, Matt Mullenweg, ndi Mike Little wa ku England anatenga pulogalamu ina yotchedwa b2, imene mwini wake anali ataisiya, n'kuikonzanso. Anaitulutsa pa 27 Meyi 2003 ndi dzina lakuti WordPress. Patatha chaka, mu Meyi 2004, anaikamo khomo loti aliyense wodziwa kulemba khodi athe kuwonjezera zake popanda kusokoneza pulogalamu yaikuluyo. Ma plugin anayambira pa khomo limenelo. Lero mawebusaiti opitirira 40 mwa 100 aliwonse pa dziko lapansi amayendera WordPress.

Kuti munthu amvetse chifukwa chake ma plugin a SEO anafunika, ayenera kuona mmene WordPress ya masiku amenewo inkaonekera kwa makina osakira. Ukalemba nkhani, adiresi yake inkatha ndi zilembo ngati ?p=123, zosanena kanthu za nkhaniyo. Mutu umene Google inkaonetsa unkayamba ndi dzina la webusaiti, kenako mawu ena osathandiza, mutu weniweni n'kubwera kumapeto kwenikweni kumene nthawi zambiri unkadulidwa. Panalibe poti ulembepo ziganizo ziwiri zofotokoza nkhaniyo, zija zimatuluka pansi pa mutu munthu akasaka. Choipa kwambiri, nkhani imodzi inkapezeka pa maadiresi angapo: pa tsamba loyamba, m'gulu lake, m'nkhokwe ya mwezi umene inalembedwa, ndi pa adiresi yakeyake. Makina ankasokonezeka kuti yeniyeni ndi iti. Amenewa anali mavuto enieni, ndipo kuwakonza kunkafuna munthu wodziwa kulemba khodi ya PHP. Mphunzitsi kapena wansembe wongofuna kulemba analibe pogwira.

Mu Juni 2005 Google inayambitsa sitemap, fayilo yondandalika masamba onse a webusaiti kuti timapulogalamu toyendayenda tija tisaphonye lililonse, ndipo mu Novembala 2006 Yahoo ndi Microsoft anavomera kumaiwerenganso. Arne Brachhold wa ku Germany analemba plugin yopanga fayiloyi yokha nthawi iliyonse ukasindikiza nkhani. Mu 2007 kunabwera All in One SEO Pack, imene kwa zaka zambiri inkasamalidwa ndi Michael Torbert wa ku North Carolina. Inali yosavuta: pansi pa malo olembera nkhani inkaikapo mabokosi atatu, la mutu, la mawu ofotokoza, ndi la meta keywords. Mu Febuluwale 2009 Google, Yahoo ndi Microsoft anagwirizana za kachizindikiro kotchedwa canonical, kouza makina kuti mwa maadiresi anayi a nkhani imodzi, yeniyeni ndi iyi, ndipo ma plugin anayamba kukaika okha. Ntchito imeneyi ndimailemekeza ndi mtima wonse. Ndi yofanana ndi ya wolemba zikwangwani wa pa msika: amalemba dzina la golosale momveka, zilembo zoongoka, pamalo poti wodutsa aone. Koma shuga ndi sopo wa m'mashelefu sizichokera kwa iye, ndipo wogula akalowa n'kupeza mulibe kanthu, chikwangwanicho sichimubweza.

Bokosi lachitatu lija lili ndi mbiri yomvetsa chisoni. Mu Seputembala 2009 Matt Cutts, amene ankatsogolera gulu lolimbana ndi chinyengo ku Google, analengeza poyera kuti Google siwerenga meta keywords posanja masamba, ndipo inali itasiya kalekale chifukwa cha bodza limene linadzaza mmenemo. Komabe bokosilo linakhalabe m'ma plugin zaka zambiri, anthu akulidzaza mokhulupirika usiku ndi usana. Yoast inadzalichotseratu mu 2018. Mpaka pano ndimakumana ndi akuluakulu a mabungwe amene amanditumizira mndandanda wa mawu kuti ndikaike "ku ma keywords", chifukwa winawake anawaphunzitsa choncho pa msonkhano zaka zapitazo. Zimandipweteka kuona maola a anthu akuthera pa bokosi lopanda woliwerenga.

Joost de Valk wa ku Netherlands anali atalemba timapulogalamu tingapo ta SEO, ndipo mu 2010 anatiphatikiza kukhala plugin imodzi yotchedwa WordPress SEO, imene pambuyo pake inasinthidwa dzina kukhala Yoast SEO. Kampani imene anayambitsa ili m'tauni yaing'ono ya Wijchen, pafupi ndi Nijmegen. Iye anabweretsa zinthu ziwiri zimene zinasintha kalembedwe ka anthu mamiliyoni. Choyamba ndi kachithunzi koonetsa mmene mutu wako ndi mawu ofotokoza zidzaonekere pa Google, ukulemba pomwepo. Chimenecho ndi chothandiza, ndipo ndimachigwiritsa ntchito tsiku lililonse. Chachiwiri ndi kanyali. Umalemba m'bokosi mawu amene ukufuna kuti anthu akupeze nawo, pulogalamuyo n'kuyamba kufunsa: kodi mawuwa ali m'mutu? Ali m'ndime yoyamba? Ali mu adiresi? Abwerezedwa mokwanira? Nkhaniyo yafika mawu 300? Zikakwanira kanyali kamasanduka kobiriwira, zikaperewera kamakhala kachikasu chofiirira, zikalephereka kamafiira. Mu 2016 anawonjezera kanyali kachiwiri koyeza ngati nkhaniyo ikuwerengeka mosavuta, ndipo kwa zaka zingapo mwa zoyezera zake munali muyezo umene Rudolf Flesch anakonza mu 1948, wowerenga kutalika kwa ziganizo ndi kuchuluka kwa maphatikizo m'liwu lililonse.

Kanyali kameneka sikalumikizana ndi Google ngakhale pang'ono. Kamawerengera m'kompyuta mwako momwemo, potsata malamulo amene anthu a ku Wijchen analemba, ndipo eni akewo amanena okha kuti si lamulo kuti timanyali tonse tikhale tobiriwira. Koma mtima wa munthu sumva zimenezo. Ndaona mlembi wa bungwe lina akuwononga ndime yabwino kwambiri, yofotokoza mmene amayi a m'mudzi wina anakonzera mjigo wawo, chifukwa kanyali kankati mawu akuti madzi aukhondo sanabwere mokwanira. Anawalowetsa m'chiganizo chilichonse mpaka nkhaniyo inayamba kumveka ngati chilengezo. Kanyali kanabiriwira, iye n'kupumira m'mwamba, koma mawu a amayi aja anali atachotsedwamo kuti malo apezeke.

Kwa ife olemba m'Chichewa vutoli limakula. Zoyezera kawerengedwe zija zinakonzedwera Chingerezi ndi zilankhulo zina zingapo, ndipo Chichewa mulibemo. Mawebusaiti ambiri a kwathu amasiyidwa pa Chingerezi m'makonzedwe ake ngakhale nkhani zili m'Chichewa, ndiye pulogalamu imayeza Chichewa ndi malamulo a Chingerezi. Liwu ngati "sindinawafotokozere" ndi chiganizo chathunthu chimene mwana wa sitandade 3 amamva, koma muyezo wowerenga maphatikizo umaliona ngati liwu lovuta kwambiri. Ukasankha mawu akuti mtengo wa chimanga, m'nkhani n'kulemba kuti mitengo ya chimanga yakwera, pulogalamu imati mawu ako sakupezeka. Pa mawebusaiti a Chichewa ine kanyali ka kawerengedwe ndimakazimitsiratu, ndipo olemba ndimawauza kuti aziwerenga nkhani yawo mokweza asanaisindikize.

Chodabwitsa n'chakuti kanyali kanatchuka pa nthawi imene Google inkachoka pa kuwerenga mawu. Mu Febuluwale 2011 David Segal analemba mu New York Times mmene sitolo yaikulu ya J. C. Penney inkatulukira pamwamba pa zinthu zambirimbiri, madiresi, zofunda, makapeti, chifukwa cha malinki masauzande oikidwa pa masamba osakhudzana ndi malondawo. Google inaitsitsa, ndipo kampaniyo inati sinkadziwa, n'kuthetsa mgwirizano ndi amene ankaigwirira ntchito ya SEO. Mwezi womwewo kunabwera kusintha kotchedwa Panda, kumene kunakhudza pafupifupi 12 mwa zosaka 100 zilizonse ku America. Kunalimbana ndi makampani amene ankalipira olemba tindalama tochepa kuti azitulutsa tinkhani tosazama masauzande pa tsiku, tolembedwa mongotsata mawu amene anthu akusaka. Mu Epulo 2012 kunabwera Penguin, yolanga malinki ogula. Anthu amene analipira kuti malinki aikidwe anayamba kulipiranso kuti achotsedwe, mpaka Google inapereka chida chowakanira mu Okutobala chaka chomwecho. Kenako Hummingbird mu 2013, RankBrain mu 2015 ndi BERT mu 2019 zinapangitsa makina kumva tanthauzo la funso ngakhale mawu ake asakufanana ndi a pa tsamba. Kamzere kobiriwira ka PageRank kanachotsedwa mu 2016. Kanyali ka m'ma plugin kanatsala, kakuwerengabe kubwereza kwa mawu.

Ma plugin amangotsatira m'mbuyo, ndipo chitsanzo chooneka bwino ndi cha Disembala 2017. Google inatalikitsa mawu ofotokoza a pansi pa mutu kuchoka pa zilembo pafupifupi 160 kufika pa 300 ndi kupitirira. Ma plugin anatalikitsa mabokosi awo, anthu n'kukhala pansi kulembanso mafotokozedwe a masamba awo onse. Mu Meyi 2018 Google inabwerera pa utali wakale. Kuwonjezera apo, kawirikawiri Google imasiya mawu amene walemba n'kudzitengera ziganizo m'kati mwa nkhani, ndipo, makamaka kuyambira mu Ogasiti 2021, imasinthanso mitu ikaona kuti ndi yaitali kapena yodzaza mawu obwerezabwereza.

Palinso mbali ya ndalama, imene ofunsa funso lija saiganizira kwenikweni. Ma plugin onse akuluakulu ali ndi mtundu waulere ndi wolipira, ndipo waulerewo ndi khomo lokokera anthu ku wolipira. Zimenezi si zoipa pazokha. Olemba khodi nawonso amadya. Koma pulogalamu imodzi ikakhala m'mawebusaiti mamiliyoni, cholakwa chake chimagwera onse tsiku limodzi. Mu Malichi 2018 Yoast inatulutsa mtundu wa 7.0 uli ndi vuto limene linachititsa kuti pa mawebusaiti ena chithunzi chilichonse chikhale ndi tsamba lakelake lopanda nkhani. Google inatola masamba opanda kanthuwo, ndipo eni mawebusaiti ena anaona alendo akuchepa osadziwa chifukwa. Joost de Valk anapepesa poyera kumapeto kwa Meyi n'kutulutsa kachida kochotsera masambawo. Mu Novembala 2019 kampani yomweyo inaika chikwangwani cha malonda a Black Friday pamwamba pa chipinda chilichonse chogwiriramo ntchito cha WordPress, anthu anakwiya, ndipo mkulu wake pa nthawiyo, Marieke van de Rakt, anapepesa n'kuchichotsa. Anzawo nawonso anagwapo. Mu Malichi 2020 akatswiri a chitetezo a Wordfence anapeza bowo mu Rank Math loti munthu wakunja akanatha kupatsa kapena kulanda ulamuliro pa webusaiti, pa nthawi imene inali m'mawebusaiti pafupifupi 200,000. Mu Disembala 2021 a Jetpack anapeza mabowo mu All in One SEO, imene inali m'mawebusaiti opitirira 3 miliyoni. Onsewa anatsekedwa msanga, koma anatsekedwa kwa okhawo amene amakumbukira kulandira mtundu watsopano.

Rank Math inalowa m'bwalo kumapeto kwa 2018 ndi njira yosavuta kuimva: kupereka kwaulere zimene ena ankagulitsa, monga kutumiza wowerenga ku adiresi yatsopano tsamba likasamuka, ndi zizindikiro za schema, zija Google, Microsoft ndi Yahoo anagwirizana mu Juni 2011 kuti zizifotokozera makina kuti ichi ndi mtengo, ichi ndi tsiku, ichi ndi dzina la wolemba. Inabwera ndi batani lokopera makonzedwe onse kuchokera ku Yoast m'mphindi zochepa, ndipo m'malo mwa kanyali inaika malikisi kuyambira 0 mpaka 100. Malikisiwa amagwira mtima kuposa kanyali. Munthu amene wapeza 78 sagona tulo mpaka afike 90. Palinso ena aang'ono amene anasankha kusachita phokoso, monga SEOPress ya Benjamin Denis wa ku France ndi The SEO Framework ya Sybre Waaijer wa ku Netherlands. Koma atatu akuluakuluwo onse anagulidwa m'zaka zinayi zokha. All in One SEO inapita ku Awesome Motive ya Syed Balkhi mu 2020, Yoast ku Newfold Digital, eni ake a Bluehost ndi HostGator, mu Ogasiti 2021, ndipo Rank Math ku group.one mu 2023. Ogulawa ali ndi katundu wina wambiri wofuna kukugulitsa, ndipo malo abwino otsatsirapo ndi chipinda chimene umalowamo m'mawa uliwonse kukalemba.

Pa nthawi yomweyo WordPress yeniyeniyo inakula. Maadiresi omveka amabwera okha masiku ano, mitu imakonzedwa bwino, canonical ilimo, ndipo kuyambira mtundu wa 5.5 wa mu Ogasiti 2020 imapanga yokha sitemap. Zambiri zimene zinkafuna plugin mu 2007 zinalowa m'nyumba. Chimene chatsala kwa webusaiti ya sukulu kapena ya malo ogona alendo ndi chochepa: poti ulembe mutu ndi mafotokozedwe, posankha chithunzi chimene chizituluka linki ikatumizidwa pa WhatsApp kapena pa Facebook, poletsa masamba ena kuti asatoledwe, ndi potumiza maadiresi akale ku atsopano. Onse amene ndawatchulawa amachita zoyamba zitatuzo m'mtundu waulere.

N'chifukwa chake ndikamasankha sindiyang'ana kuti iti ili ndi mabatani ambiri. Ndimaika imodzi yokha, chifukwa ziwiri zikakhala pamodzi iliyonse imalemba mutu wake ndi canonical yake, makina n'kulandira mauthenga awiri otsutsana. Ndimayang'ana tsiku limene inakonzedwa komaliza, ndiponso ngati ili ndi njira yotulutsira zimene ndalembamo tsiku limene ndidzafune kusamuka. Ndimaganiziranso amene adzatsale nayo ine nditachoka. Mlembi wa pa sukulu amene ali ndi ntchito zina khumi amafunika chinthu cha mabokosi ochepa, chosamuwopseza ndi zofiira m'mawa uliwonse. Za mtundu wolipira ndimalankhula mosabisa. Mtengo wake ndi wa m'madola, cha m'ma 100 pa chaka kwa ina, ndipo umabwera chaka chilichonse. Reserve Bank of Malawi itatsitsa mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mabungwe amene ndimagwira nawo ntchito anaona ndalama imeneyi ikudumpha, ndipo ena khadi la ku banki linkakana kulipira kunja chifukwa cha kusowa kwa ndalama zakunja. Laisensi ikatha pulogalamu imasiya kulandira zokonza, bowo likapezeka limakhala lotseguka. Kwa ambiri a iwo ndalama imeneyo ingagwire ntchito yabwino polipira seva yothamanga, kapena munthu wochepetsa kukula kwa zithunzi kuti wowerenga wa pa foni asathe bandulo yake potsegula tsamba limodzi. Google yenidiyo inayamba kukondera masamba ooneka bwino pa foni mu Epulo 2015, ndipo chida chake chaulere cha Search Console chimakuuza mawu enieni amene anthu anakupeza nawo, chinthu chimene kanyali sikangakuuze.

Mkanganowu tsopano walowa gawo lina. ChatGPT inatuluka mu Novembala 2022, ndipo mu Meyi 2024 Google inayamba kuika pamwamba pa zotsatira yankho lolembedwa ndi makina, lotengedwa m'masamba a anthu, limene imalitcha AI Overviews. Wosaka amawerenga yankholo n'kutseka foni, osafika pa tsamba la amene anakhetsa thukuta polemba. Ma plugin ayankha monga mwa chizolowezi chawo, ndi mabokosi atsopano. Ali ndi mabatani okulembera mutu ndi mafotokozedwe pogwiritsa ntchito makina omwewo, ndipo mu 2025 Yoast ndi Rank Math anawonjezera kafayilo kotchedwa llms.txt, kamene Jeremy Howard anaganiza mu Seputembala 2024 kuti kazifotokozera makina oyankha mafunso zimene zili pa webusaiti. John Mueller wa ku Google anakayerekeza ndi meta keywords: ndi mwini tsamba akudzinenera yekha, pamene makina angathe kungowerenga tsambalo.

Pa mawebusaiti amene ndimasamalira kafayiloko sindinakayatse, ndipo batani lolemba mitu ndimapempha olemba kuti asalikhudze. Mwini malo ogona alendo a m'mbali mwa nyanja amadziwa kuti ofuna kubwera amafunsa ngati msewu ukupitika nthawi ya mvula, ngati magetsi akazima pali jenereta, ndi mtengo wa chipinda cha anthu awiri. Timakhala pansi n'kulemba mayankho a mafunso amenewo pa tsamba, ndi mitengo yake ndi mwezi umene yasinthidwa, kenako iye mwini amalemba mutu m'bokosi la plugin, zilembo zosapitirira 60, dzina la malowo ndi boma lake zili kutsogolo.